Kalata Yothokoza Yochokera M'ndende

Pa Misa ya Lamulungu, mawu achiwiri kawirikawiri amachokera m'makalata a Paulo Woyera. Akhristu ambiri akamamva makalatawa amaganiza kuti adalembedwa ndi mphunzitsi atakhala phee pa tebulo, mtima uli m'malo. Koma imodzi mwa makalatawa idalembedwa ndi mkaidi amene sankadziwa ngati adzatuluka wamoyo, ndipo china mwa zifukwa zazikulu zoilembera chidali kuthokoza anthu amene adamutumizira thandizo. Iyi ndi Kalata kwa Afilipi. Ndi yaifupi: ili ndi mitu 4, ndime 104, ndipo munthu angathe kuiwerenga yonse asanamalize kumwa tiyi. Mpingo umawerenga gawo lake pa Lamulungu la Kanjedza chaka ndi chaka, komanso pa masiku a Lamulungu anayi otsatizana m'Chaka A, kuyambira la 25 mpaka la 28 la pachaka.

Kalatayi ili ndi phunziro kwa anthu awiri amene amapezeka m'mphakati uliwonse. Wina ndi amene ali pa mavuto ndipo akuona ngati anthu amuiwala. Wina ndi amene wakhala akuthandiza anzake mpaka kutopa, osamvako ngakhale liwu limodzi loti thandizo lake lidafika ndipo lidagwira ntchito.

Ubale woyambira m'mbali mwa mtsinje

Filipi udali mzinda wa m'chigawo cha Masedoniya, kumpoto kwa dziko la Greece la masiku ano. Mudali anthu ambiri amene adapuma pa usilikali wa Aroma, ndipo mzindawu udali pa msewu waukulu wa Via Egnatia. Paulo adafikako cha m'chaka cha 50, ali ndi Sila ndi Timoteo. Buku la Ntchito za Atumwi, mutu 16, limafotokoza kuti tsiku la Sabata adapita kumtsinje, kunja kwa chipata cha mzinda, kumene adapeza amayi atasonkhana kuti apemphere. Mmodzi mwa iwo, Lidia, wogulitsa nsalu zofiirira za mtengo wapatali, adabatizidwa pamodzi ndi a m'banja lake, ndipo adawaumiriza alendowo kuti akakhale kwake. Mu mzinda womwewo Paulo ndi Sila adakwapulidwa n'kutsekeredwa m'ndende, ndipo woyang'anira ndendeyo ndiye adadzawatsuka mabala ndi kuwapatsa chakudya m'nyumba mwake.

Choncho Mpingo wa ku Filipi udabadwa pakati pa anthu odziwa kulandira mlendo ndi kusamala munthu wovulala. Paulo atachoka, iwo sadamutaye. Ali ku Tesalonika adamutumizira thandizo, osati kamodzi kokha. Komatu sadali anthu olemera. Polembera Akorinto kachiwiri, pa mutu 8, Paulo akuchitira umboni kuti mipingo ya ku Masedoniya inkapereka mowolowa manja ili pa umphawi wadzaoneni.

Mphatso imene idali nkhani ya moyo

Patapita zaka, Afilipi adamva kuti Paulo wamangidwanso. Akatswiri a Baibulo ena amati adali ku Roma cha m'ma 60 mpaka 62, ena amati ku Efeso cha m'ma 55. Kulikonse kumene adali, moyo wa mkaidi m'masiku a Aroma unkadalira anthu akunja. Chakudya cha m'ndende chidali chochepa kwambiri, ndipo zovala ndi zofunda ankabweretsa ndi abale kapena abwenzi. Munthu amene adanyamulako chakudya kupita nacho kwa mbale wake kundende kapena kuchipatala akudziwa mmene wodikirayo amayang'anira kukhomo nthawi yoonera anthu ikakwana.

Padalinso nkhani ya manyazi ndi mantha. Kudziwika kuti ndiwe bwenzi la munthu amene boma lamumanga kukadatha kukuika nawenso m'mavuto. Kalata yachiwiri kwa Timoteo imatchula anthu amene adamuthawa Paulo, ndipo imayamikira Onesiforo chifukwa sadachite manyazi ndi maunyolo ake, koma adamufunafuna mu Roma mpaka adamupeza.

Afilipi adasonkha zimene adali nazo n'kutuma mmodzi wa iwo, Epafrodito, kuti akapereke. Masiku amenewo mtokoma wa boma unkanyamula makalata a boma okha. Munthu wamba akafuna kutumiza kalata kapena ndalama ankayenera kupeza munthu woyenda nazo, wapansi kapena pa chombo. Epafrodito adafika, adapereka mphatso, adakhala kuti azimutumikira Paulo, kenaka adadwala mpaka kutsala pang'ono kufa. Mbiri ya matenda ake idafika ku Filipi, ndipo iye atamva kuti kwawo akuda nkhawa, nayenso adavutika mumtima. Atachira, Paulo adamubweza kwawo ndi kalata m'manja.

Mmene Paulo adathokozera

Mawu othokoza ali pa mutu 4, ndime 10 mpaka 20, ndipo ndi ofunika kuwawerenga modekha, chifukwa akuonetsa luso limene anthu ambiri sakhala nalo.

Poyamba, Paulo akuwachotsera Afilipi chikumbumtima chowatsutsa. Padali patapita nthawi asadatumize kanthu, ndipo mwina ankadziimba mlandu. Iye akuwauza kuti akudziwa kuti mtima womuganizira adali nawo nthawi yonseyi, chimene chidasowa ndi mpata. Munthu wina akadayamba ndi kudandaula kuti mudali kuti masiku onsewa. Paulo sadafune kuti mphatso yawo ibwerere kwa iwo ngati chidzudzulo.

Kenaka akutchula zimene adachita, chimodzichimodzi. Akukumbukira masiku oyamba pamene ankachoka ku Masedoniya, akutchula Tesalonika, akutchula dzina la amene adabweretsa mphatso. Opereka adamva kuti zimene adachita zaka khumi kapena zocheperapo m'mbuyomo zidakali m'mtima mwa wolandira. Kuthokoza kotchula chinthu ndi tsiku kumamufika munthu pamtima kuposa zikomo wongoponya.

Chinanso, Paulo akunena poyera kuti zimene adalandira zamukwanira ndipo sakupempha zina. Pa Chichewa pali mawu okoma othokozera akuti musatope, ndi mawa lomwe. Mawuwa amanena kuti ubale upitirire. Koma akanenedwa ndi munthu amene amangokumbukira mnzake tsiku limene zamuvuta, woperekayo amamva pempho latsopano m'malo mwa kuthokoza. Paulo akufotokoza kuti adaphunzira kukhala ndi zambiri ndiponso kukhala wopanda kanthu, kotero Afilipi asaone kalatayi ngati ngongole ina.

Pomaliza, akuwauza tanthauzo la mphatso yawo. Akuti pomutumizira thandizo adagawana naye masautso ake, ndipo mphatsoyo akuiyerekeza ndi nsembe ya fungo lokoma imene Mulungu amailandira. Anthu osauka amene adasonkha tindalama tawo adauzidwa kuti adachita ntchito ya pa guwa. Akuluakulu adati kupatsa n'kuika, ndipo Paulo akugwiritsa ntchito mawu a zamalonda ofanana ndi amenewa, kuti phindu la zimene adapereka likusungidwa m'dzina lawo.

Kalata yoteteza wamthenga

Pali mbali ina ya kalatayi imene ambiri saiona. Epafrodito adatumidwa kuti akatumikire Paulo, koma akubwerera Paulo adakali m'ndende. Kwawo anthu akadatha kumamunong'ona kuti walephera ntchito, wathawa zitavuta. Pa mutu 2, ndime 25 mpaka 30, Paulo akutseka pakamwa pa amiseche asadayambe n'komwe. Akumutcha mbale, wantchito mnzake ndi msilikali mnzake. Akufotokoza kuti matendawo adali enieni ndipo munthuyu adaika moyo wake pa chiswe chifukwa cha ntchito ya Khristu. Akunena kuti ndi iye Paulo amene waganiza zomubweza, ndipo akupempha kuti amulandire ndi chimwemwe ndi ulemu.

Makalata a Paulo ankawerengedwa mokweza pamsonkhano wa akhristu. Ndiye kuti Epafrodito adamva mawu amenewa ali pakati pa abale ake, thupi lidakali lofooka. Mizere yochepa chabe idamubwezera ulemu wake. M'maparishi muli a Epafrodito ambiri: mayi amene adagona pansi pa bedi la wodwala kwa mwezi wathunthu koma wodwalayo n'kumwalirabe, mnyamata amene adapita ku Joni kukasaka ndalama za banja n'kubwerako chimanjamanja atadwala, mtsogoleri wa mphakati amene watula udindo chifukwa thupi lakana. Anthu otere amafuna wina wowanenera pagulu kuti adachita zimene akadatha.

Wotonthoza ali m'maunyolo

Chodabwitsa n'chakuti amene akulimbikitsa anzake ndi mkaidi. Afilipi nawonso ankazunzidwa ndi adani a chikhulupiriro, ndipo mkati mwa Mpingo mudali kusamvana pakati pa amayi awiri otchuka pa ntchito ya Mthenga Wabwino, amene Paulo akuwadandaulira pa mutu 4 kuti agwirizane. Sakubisa kuti mlandu wake ungathere ku imfa. Sakubisanso kuti imfa ya Epafrodito ikadamuwonjezera chisoni pa chisoni chimene adali nacho kale. Komabe mawu a chimwemwe ndi kukondwera akupezeka m'kalatayi koposa kakhumi. Chimwemwe chake n'chomveka chifukwa wolembayo sakunamizira kuti zinthu zili bwino.

Kalatayi siidathere tsiku limene idawerengedwa. Patapita zaka pafupifupi 50 kapena kuposerapo, Polikarpo Woyera, episkopi wa ku Smirna, adalembera akhristu a ku Filipi omwewo ndipo adawakumbutsa zimene Paulo adawalembera, nawalimbikitsa kuziwerenga mosamala. Lero mzinda wa Filipi ndi mabwinja okhaokha, ndalama zimene adasonkha zidatha Paulo adakali moyo, koma mawu othokoza aja akuwerengedwabe m'tchalitchi muno.

Chitsanzo chimenechi chidathandiza mkaidi wina wa nthawi yathu ino. Ambuye François-Xavier Nguyen Van Thuan a ku Vietnam adamangidwa pa 15 Ogasiti 1975, patangopita miyezi yochepa atasankhidwa kukhala arkiepiskopi wothandizira ku Saigon. Adakhala m'ndende zaka 13, ndipo 9 mwa zakazo adali kwaokha. M'miyezi yoyamba, chimene chinkawapweteka kwambiri chidali chakuti nkhosa zawo zatsala zokha. Adakumbukira kuti Paulo ankalemba makalata ali m'ndende, ndipo adayamba kulemba timauthenga tatifupi usiku, kuseri kwa mapepala a kalendala yakale. Mnyamata wa zaka 7 ankatenga mapepalawo m'mawa, abale ake n'kumawakopera, ndipo ankayenda m'manja mwa akhristu. Mauthengawo adakwana 1,001. Ambuyewa adatulutsidwa mu 1988, adadzakhala kadinala, ndipo adamwalira ku Roma mu 2002.

Zimene ofufuza adapeza

Ena amati mawu sadyedwa, munthu wovutika amafuna ufa. Ufa ndi wofunikadi, ndipo Afilipi adatumiza thandizo logwirika. Koma pali umboni wakuti uthenga waufupi ungathe kusunga moyo. Dokotala wa matenda a maganizo, Jerome Motto, adachita kafukufuku ku San Francisco m'dziko la America pa anthu 843 amene adagonekedwapo m'chipatala chifukwa chovutika maganizo kwambiri kapena kufuna kudzipha, ndipo atatuluka adakana kupitiriza kulandira chithandizo. Adawagawa pawiri. Gulu limodzi linkalandira kalata yaifupi nthawi ndi nthawi kwa zaka 5, yongonena kuti olembawo akuwaganizira ndipo angakonde kumva mmene akukhalira. M'kalatamo mudalibe uphungu, ndipo simunkapemphedwa kanthu. Gulu linalo silinkalandira kalata. Zotsatira zake, zimene zidasindikizidwa mu 2001, zidaonetsa kuti m'zaka ziwiri zoyambirira anthu odzipha adali ochepa m'gulu lolandira makalata. Kalata siilowa m'malo mwa dokotala kapena mlangizi, ndipo munthu amene akulankhula zodzipha ayenera kuperekezedwa kuchipatala msanga. Koma m'dziko lino, m'mene apolisi akhala akulengeza kuti anthu odzipha achuluka ndipo ambiri mwa iwo ndi abambo, phunziro limeneli si lolinyalanyaza.

Nanga n'chifukwa chiyani anthu salemba? Mu 2018 akatswiri awiri a ku America, Amit Kumar ndi Nicholas Epley, adapempha anthu kuti alembe makalata othokoza ndi kulosera mmene olandira akamvere, kenaka adafunsa olandirawo. Adapeza kuti olemba ankachepetsa chimwemwe chimene makalatawo adabweretsa, ndipo ankaopa kwambiri kuti olandira achita nawo manyazi, pamene sizidali choncho. Wolemba amada nkhawa ndi kasanjidwe ka mawu, pamene wolandira amangoona mtima. Mantha akuti sindidziwa kulemba bwino atsekereza makalata ambiri amene akadachiritsa anthu.

M'mudzi ndi m'parishi

Amalawi si alendo pa nkhani yothokoza. Pamaliro, chipepeso chimalengezedwa, maina a opereka amamveka, ndipo oimira banja amathokoza mfumu, adzukulu, amayi ophika ndi Mpingo. Maliro n'kulirana, ndipo mwambowu umakumbutsa aliyense kuti zimene wachita zaoneka. Chovuta chimabwera pambuyo pake. Anthu akasesa n'kubalalika, mahema akachotsedwa, wamasiye amatsala ndi nyumba ya zii. Mauthenga amene adasefukira pa foni sabata yoyamba amauma, ndipo pa mwezi wachiwiri kapena wachitatu, pamene chisoni chayamba kulemera zenizeni, sipakhalanso womufunsa. Uthenga wofika nthawi imeneyo, kapena pa tsiku lokumbukira kuti chaka chatha, umalemera kuposa makumi a mauthenga a tsiku la maliro.

Mbali inayo ndi ya opereka. Mabanja ambiri amadalira mwana kapena mlongo amene ali ku Johannesburg, ku Cape Town kapena m'tauni, amene amatumiza ndalama pa Mukuru, pa Airtel Money kapena pa Mpamba. Kawirikawiri yankho limene amalandira ndi liwu limodzi lakuti zafika, ndipo uthenga wotsatira umakhala wa vuto lina. Sauzidwa kuti feteleza uja adabereka matumba angati, kapena kuti mwana amene adamulipirira sukulu wakhoza mayeso. Munthu wotere amadzuka usiku kupita ku ntchito m'dziko la eni, ndipo tsiku lina amadzifunsa ngati kwawo amamukonda iye kapena thumba lake. Mthenga Wabwino wa Luka, mutu 17, umasimba za akhate khumi amene adachiritsidwa, mmodzi yekha n'kubwerera kudzathokoza, ndipo Yesu adafunsa za asanu ndi anayi enawo. Ngati Ambuye adaona kusowa kwa anthu amenewo, mbale wa ku Joni amakuonanso.

Kalembedwe kake

Uthenga wothandiza sufuna maphunziro apamwamba. Pepala la m'kope la sukulu ndi lokwanira, ndipo amene sadziwa kulemba angathe kujambula mawu pa WhatsApp kapena kutuma mdzukulu kuti amulembere. Paulo yemwe nthawi zina ankachita kulembetsa kwa mlembi, monga Tersio amene adalemba Kalata kwa Aroma.

Pothokoza, munthu atchule chimene adalandira ndi chimene chidachitika nacho, ndipo pempho latsopano lidikire tsiku lina. Asaiwale amene thandizo lawo silidali ndalama: amene adabwereketsa njinga usiku, amene adasunga ana, amene adatunga madzi.

Polimbikitsa wovutika, alembe zoona zokhazokha. Wolemba asalonjeze kuti wodwala achira pamene sakudziwa, asafotokoze chifukwa chimene Mulungu walolera vutolo ngati kuti adali nawo pa upo, ndipo asayerekeze chisoni cha mnzake ndi chake. Kutchula dzina la malemu ndi chinthu chimodzi chabwino chimene wolembayo amakumbukira kumatonthoza kuposa ndime zambiri zongotumizirana pa foni. M'malo monena kuti mukafuna kanthu mundiuze, ndi bwino kunena chinthu chenicheni, monga kuti Loweruka ndibwera kudzapalira nawo. Ndipo wolandira asaumirizidwe kuyankha, pakuti munthu wosweka mtima nthawi zina alibe mphamvu zogwira foni.

Liwu lakuti Ukaristia limachokera ku Chigriki ndipo limatanthauza kuthokoza. Akhristu amene amasonkhana Lamulungu lililonse pa nsembe yothokoza ali pa sukulu yophunzira kutchula zabwino zimene alandira. Phunzirolo limaoneka ngati lalowa Misa ikatha, pamene munthu wafika kunyumba, watenga cholembera kapena foni, n'kukumbukira dzina la munthu amene wakhala chete kwa nthawi yaitali.

Mafunso okambirana ku mphakati

1. Werengani Afilipi 4:10-20. Kodi Paulo akutchula zinthu ziti zimene Afilipi adamuchitira, ndipo akupewa kunena chiyani?

2. Werengani Afilipi 2:25-30. Ndani m'mphakati muno amene adatumikira mpaka kufooka, koma sadayamikiridwepo pagulu?

3. Ndi mabanja ati amene adaferedwa miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi yapitayo? Ndani apite kapena alembe sabata ino?

4. Kodi mphakati uli ndi mkhristu amene ali m'ndende, m'chipatala kapena kunja kwa dziko? Kalata yake ilembedwa liti, ndipo aipereka ndani?